Pepani Bwana, Mtengo Unagwa Loweruka

Pa geti la kumtunda la esiteti ya tiyi,
Nchilamwela, Thyolo.
Lamulungu, 12 Meyi 2024.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Musadandaule Inshuwalansi,
Kunyumba zosanja, mumzinda.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada. Ine ndine Deborah Namukhoyo, telala wamkazi wa pa geti la kumtunda, amene m'mabuku mwanu mumandidziwa ndi nambala yaitali ija yothera ndi 47. Mundikhululukire polemba kudzera m'nyuzipepala ngati munthu wosaleredwa. Ndinayamba ndatumiza makalata anayi omata bwinobwino, koma zikuoneka kuti ku ofesi kwanu simunalembe munthu wa ntchito yotsegula maenvelopu. Ndiye ndati ino ibwere yotsegula kale kuti isakuvutitseni zala.

Sindikudandaula ayi, pakuti dzina la kampani yanu limaletsa. Ndikufuna kuthokoza. Koma kuti kuthokozako kumveke, ndiyambe ndakuuzani kuti ndine yani, poti anthu ngati ife timaoneka ofanana mukamatiyang'ana kuchokera pamwamba.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndi kashopu ka utelala pambali pa geti limene othyola tiyi amatulukira. Timasoka maepuloni a pulasitiki oteteza ku mame ndi ku zitsa za tiyi, mayunifomu a ana a sukulu, komanso timaika zigamba pa mathalauza amene eni ake akukana kuwataya. Mashini analipo atatu. Ogwira ntchito tinali awiri, ine ndi a Yesaya, bambo wa zaka 61 amene anathyola tiyi zaka 27 mpaka msana unawakana. Ndinawaphunzitsa ndekha kupalasa mashini ali ndi imvi kale, ndipo lero kolala ya malaya amaisoka bwino kuposa ine. Malo a shopuyo ndi a esiteti. A Uchizi, amene amayang'anira malo onse a pa geti, andiuza mwaulemu kuti shopu ikapanda kutsegulidwa pofika Lachisanu pa 31 mwezi uno, malowo apereka kwa wina, chifukwa geti la kampani si posungira mabwinja. Sindikuwada. Adikira miyezi itatu, ndipo pali anthu asanu amene akufuna malowo.

Tsopano ndiyambe kuthokoza, mwadongosolo, monga mumakondera inu ophunzira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha a Rodwell, ejenti wanu wa tayi yofiira. Anafika pa njinga yamoto Lamulungu lina chaka chathachi, mashini athu akulira, khonde litadzaza anthu. Lamulungu ndiye tsiku la malonda kwa ife, chifukwa othyola tiyi amakhala akupuma ndipo m'pamene amakumbukira kuti zovala zawo zinang'ambika. Ine ndine wa mpingo wa Sabata. Dzuwa likamalowa Lachisanu ndimakhoma loko, ndipo sindigwiranso singano mpaka litalowa Loweruka. Izi aliyense pa geti amazidziwa, ngakhale agalu a alonda.

A Rodwell anatulutsa kabuku konyezimira n'kuyamba kunditchulira mitundu ya inshuwalansi ngati akuitana mayina a ana awo. Panali ya moto. Panali ya akuba. Panali ya katundu ali pa ulendo, kuti nsalu zanga zikagwa pa minibasi pochokera ku Limbe ndisalire. Panali ya wantchito akavulala, ya kasitomala akapunthwa pakhonde panga, ya mphepo ndi madzi, ndi ina yokoma kwambiri ya bizinesi ikaima, imene anati imakudyetsa uli khale mpaka utatsegulanso. Ndinafunsa kuti munthu wamng'ono ngati ine asankhe iti. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira makolo. "Mayi, inu musasankhe ayi, tengani zonse, fulu kava. Olo njovu itagwa pamalatapa, ife timalipira wiki yomweyo." Ndinatenga zonse zisanu ndi ziwiri. Kuno ku Thyolo njovu sitinaionepo, koma ndinkagona bwino podziwa kuti ikadzabwera idzandipeza ndili wokonzeka.

Titafika pa fomu, panali kabokosi kamodzi kokha ka masiku ogwira ntchito, ndipo pambali pake panalembedwa kuti Lolemba mpaka Loweruka. Ndinawauza kuti kwa ine sizili choncho, ndimatseka Loweruka n'kutsegula Lamulungu, monga ankaonera okha ndi maso awo. Anachonga kabokosiko uku akuseka. "Aaa, izi n'zongodzazitsa pepala izi, mabwana sawerenga n'komwe." Bwana, ndikufuna ndikuchitireni umboni pamaso pa dziko lonse kuti a Rodwell anakunamizirani. Inu mumawerenga. Mumawerenga chilembo chilichonse, kungoti mumayamba kuwerenga mtengo ukagwa.

Chachiwiri, ndipepese m'malo mwa mtengo wa bulugamu, poti wokha sungathe kulemba. Ndi umodzi mwa ija esiteti imadzala kuti ipeze nkhuni za ku fakitale, ndipo unaima kuseri kwa shopu yanga zaka zonsezi osalakwira munthu. Loweruka pa 10 Febuluwale, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kunabwera chimphepo ndi chimvula kuchokera cha ku Thekerani. Ine ndinali m'tchalitchi, pa benchi ya amayi a Dorika. Ndinangoona a Tomasi, okonza njinga oyandikana nane, ataima pawindo atanyowa chibakuwa chonse, akundikodola. Ndinatuluka. "Mayi Debora, shopu yanu yapita, mtengo wagona pakati penipeni!" Mtengowo sunafunse kuti ndi tsiku lanji. Ndikuvomereza kuti unachita mwano, ndipo ukanakhala wophunzira ukanadikira Lolemba 8 koloko.

Ndinene zoona, poti kalata imene munandilembera yokana kulipira inandinena kuti sindinathamangire kukapulumutsa katundu. Sindinapite. Ndinabwerera pa benchi. Panthawi ya nkhomaliro akulu a mpingo anagawikana pa nkhani yanga. A Joel, amene ndi aphunzitsi, anati ngakhale ng'ombe ikagwera m'dzenje pa Sabata imavuulidwa. Ena anati mashini osokera si ng'ombe, sapuma mpweya, samva kuwawa, angathe kudikira dzuwa. Mkanganowo unakafika mpaka pa funso lakuti kaya mashini a magetsi ndi opalasa ali m'gulu limodzi kapena ayi, ndipo mbatata zinazizira m'mbale nkhani isanathe. Nyimbo za masana ndinaimba, koma musandifunse kuti zinali ziti, chifukwa mtima unali ku geti. Si kuti ndine woyera kuposa anzanga. Kungoti chibadwire sindinagwirepo ntchito tsiku limenelo, ndipo miyendo yanga siidziwa njira ya ku shopu Loweruka. Komanso ndikanapita, thunthu loti amuna atatu sangalizungulire ndi manja ndikanalichotsa ndi sizasi? A Tomasi, amene mpingo wawo umapemphera Lamulungu, anafunditsa lona yawo pomwe anatha kufikira, popanda fomu iliyonse.

Chachitatu, zikomo pondiphunzitsa kuwerenga maola. Dzuwa litalowa ndinapita kukaona, ndipo ndinalira, sindibisa. Malata anali atapindika ngati chitini chopondedwa ndi thirakitala. Ndili pomwepo ndinaimba nambala yolembedwa kuseri kwa kabuku kanu. Anayankha mayi wa mawu okoma, wojambulidwa, amene anati ofesi inatseka 12 koloko masana ndipo idzatsegula Lolemba, n'kundithokoza posankha Musadandaule. Lamulungu ndinaimba kakhumi ndi kamodzi, ndipo mayi uja anandithokoza kakhumi ndi kamodzi. Foni ya a Rodwell inali yozima. Lolemba ndinakwera minibasi yoyamba, ndipo 9 koloko isanakwane ndinali nditaima pa kauntala yanu. Kumeneko anandionetsa ndime ya zilembo zing'onozing'ono yakuti ngozi iyenera kunenedwa pasanathe maola makumi awiri ndi anayi. Ndinawerengera pa zala. Mtengo unagwa 10 koloko, inu munatseka 12 koloko. Ndiye kuti pa maola onse aja munandipatsa, awiri okha ndi amene munali maso, ndipo awiriwo ine ndinali kupemphera. Loweruka ndinapuma ine, Lamulungu munapuma inu, ndipo wochedwa anapezeka kuti ndine.

Pamenepa ndiyamikirenso nambala yanu ina ija, yolipirirapo pa foni mwezi ndi mwezi. Imeneyo ndi yakhama. Ilibe Sabata, ilibe Lamulungu, ilibe Khirisimasi. Ndakhala ndikulipira Lamulungu nthawi zonse, malonda akayenda, ndipo uthenga wothokoza umafika ndisanabweze foni m'thumba. Muikweze pa ntchito nambala imeneyo.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha lamulo lakuti ndisakhudze kanthu. Mtsikana wa pa kauntala anandiuza katatu, akuloza ndi cholembera, kuti chilichonse chikhale momwe chagwera mpaka adzafike akulu odzaona zowonongeka, ndipo ndikasuntha ngakhale batani limodzi ndiye kuti ndasokoneza umboni. Ine ndine munthu womvera malamulo, mwina mwaona kale. Sindinakhudze. Esiteti inatumiza anthu ndi macheka a injini kuti adule mtengo, ine ndinawabweza. Akuluwo anafika pa 19 Malichi, patapita milungu isanu. Kaya kwanu kumzinda mvula imagwa bwanji sindidziwa, koma kuno Febuluwale ndi Malichi kumwamba kumakhala kotsegula ngati mpopi woiwalika. Lona ya a Tomasi inayesetsa mpaka inang'ambika. Ndinkaima pamsewu m'mawa uliwonse n'kumaona mashini anga akusanduka ofiira. Nsalu za mayunifomu zinachita chuku, ndipo pa tebulo lodulirapo panamera bowa, amene sindinamuzule poopa kusokoneza umboni.

Akulu odzaona aja anabwera atavala nsapato zoyera. Ataona matope anaima kumsewu n'kujambula zithunzi zinayi ndi foni. Anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti mapeyala otchipa angawapeze kuti. Ndinawalozera. M'lipoti lawo analemba kuti katundu wambiri anawonongeka ndi dzimbiri chifukwa mwini wake anamulekerera pamvula. Ndiye kuti Loweruka ndinalakwa posakhudza, ndipo kuyambira Lolemba ndikanalakwa pokhudza. Mutu wanga wa Sitandade 8 pamenepa umaima, koma ndikukhulupirira kuti kwa anthu a madigiri n'zomveka. Iwo atangochoka, esiteti inadula mtengo uja n'kukauponya m'ng'anjo ya ku fakitale.

Chachisanu, ndipo apa ndigwade ndi mawondo onse awiri, zikomo chifukwa cha kalata yanu ya pa 19 Epulo. Masamba atatu, Chingerezi chosalala, sitampa yabuluu. A Joel anandimasulira pang'onopang'ono, ndipo tinayendera limodzi mitundu isanu ndi iwiri ija kuti tione umene ungandivomere.

Ya mphepo ndi madzi, imene ndinkaiyembekezera, munati ikanalipira pakanapanda ndime 14, yakuti shopu isasiyidwe yopanda munthu pa tsiku la ntchito. Tsiku la ntchito ndi lija anachonga a Rodwell akuseka. Ya moto munati panalibe moto. Pamenepo sinditsutsa, madzi anali ambiri zedi.

Ya akuba inandipatsa chiyembekezo pang'ono, chifukwa m'milungu isanu yodikira ija mipukutu iwiri ya nsalu inamera miyendo. Koma munafotokoza kuti wakuba wovomerezeka ndi kampani ndi amene wathyola chitseko kapena loko. Anga aja analowera padenga, pomwe mtengo unawatsegulira kale, ndiye sali m'gulu. Loko alipo, ali bwinobwino, ndipo amatsekabe chitseko cha nyumba yopanda denga. Ya katundu pa ulendo munati katundu sanali pa ulendo. Ndinafuna kunena kuti malata awiri anauluka mpaka kukatera m'munda wa tiyi wachitatu, koma a Joel anati ndisaonjezere. Ya bizinesi ikaima, yokoma ija, munati imalipira pokhapokha bizinesi itaima pa chifukwa chimene mwavomereza kale, ndipo poti simunavomereze chilichonse, m'mabuku mwanu shopu yanga ikuyenda. Munandilangizanso kuti ndikafunse eni mtengo. Ndinapita. A Uchizi anandiyankha kuti mtengo ndi wawodi, koma mphepo siili pa mndandanda wa antchito a esiteti.

Zatsala ziwiri, ya kasitomala ndi ya wantchito akavulala. Munalemba kuti pa ziwirizi palibe cholipira chifukwa palibe amene anavulala. N'zoona. Akulu a nsapato zoyera akanalowa m'matope muja akanaona pomwe thunthu linagwera. Linagwera ndendende pa mpando wa a Yesaya. Mpandowo unalowa m'simenti, ndipo mashini awo anathyoka pakati. Nthawi ya 10 koloko tsiku la ntchito iwo amakhala pamenepo, mutu uli pansi, akupalasa, ine ndili pambali pawo, ndipo pa benchi pamakhala mayi mmodzi kapena awiri odikira yunifomu ya mwana. Ndikanatsegula Loweruka monga fomu yanu imafunira, ndime 14 ikanakhutira, inshuwalansi ya wantchito ikanalipira, ya kasitomala ikanalipira, ndipo cheke akanakalandira mkazi wa a Yesaya atavala zakuda. Apa nthabwala zandithera, Bwana. Nditamva ndime imeneyo ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya. Mwandikana chifukwa tsiku limenelo m'shopu munalibe munthu woti afe.

Koma ndibwerere ku ulemu, poti ndinaleredwa. Kumunsi kwa kalata yomweyo munandikumbutsa mwachikondi kuti pangano langa likutha mu Juni ndipo ndisachedwe kulikonzanso. Munandiuzanso za mtundu wachisanu ndi chitatu umene mwangoyambitsa kumene, wa maliro, wokhala ndi bokosi la zogwirira zagolide. Ndaona kuti kampani yanu imaganizira patsogolo. Ndikungofunsa ngati pa fomu yake palinso kabokosi ka masiku, kuti ndidziwiretu tsiku loyenera kumwalira.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi laling'ono.

A Yesaya sadziwa kuti munakana. Kalata yanu ndakhala nayo milungu itatu m'chikwama cha ku tchalitchi, ndipo a Joel ndinawapempha kuti asunge pakamwa. Kalata inonso sadzaiona, chifukwa sawerenga, nyuzipepala kwa iwo ndi yodulira mapatani. M'mawa uliwonse amafika 7 koloko ndi sizasi yawo m'thumba la jekete, n'kukhala pa chitsa cha bulugamu uja. Amatenga mutu wa mashini amene anatsalako pang'ono, n'kumaupala dzimbiri ndi sandipepa ndi palafini, ngakhale onse okonza mashini anatiuza kuti sadzasokanso. Anthu akabwera ndi zovala amawauza kuti abwere wiki ya mawa. Akandiona nkhope yagwa amati, "Mayi, musataye mtima, anthu a tayi sanama, cheke chili m'njira basi." Katatu ndatsegula pakamwa kuti ndiwauze, katatu ndawafunsa za nandolo wa kumunda kwawo. Shopu ikapita pa 31, ine mwina ndidzakasoka pakhonde la mchemwali wanga ndi mashini obwereka. Iwo alibe kopita. Dengu la tiyi msana wawo sungalinyamulenso, ndipo palibe amene amalemba ntchito telala wa zaka 61 amene anaphunzira utelala pa shopu imodzi yokha.

Sindikupempha mitundu isanu ndi iwiri. Kuti nditsegule pakufunika malata khumi ndi awiri, mitengo ya denga, ndi mashini amodzi opalasa oti a Yesaya akhalepo. Ngati m'nyumba zosanjamo muli munthu amene angaone kuti shopu yotseka Loweruka n'kutsegula Lamulungu imagwira masiku asanu ndi limodzi ngati ina iliyonse, asaine, ndipo ndidzalembanso m'nyuzipepala yomwe ino kumuthokoza ndi mtima woona.

Koma ngati ndime 14 ndi yolimba kuposa pamenepo, ndikupempha chimodzi chokha. Bwerani nokha, Bwana, musatume a Rodwell. Mudzaime pa geti la kumtunda, mudzawawerengere a Yesaya ndimeyo pamaso, ndi kuwafotokozera kuti kampani ikanalipira akanakhala pa mpando wawo. Ine zandikanika, koma inu muli ndi mawu osalala, ndipo mwazolowera. Ndidzamasulira ndine m'Chilomwe kuti asaphonye liwu ngakhale limodzi. Mpando tidzabwereka kwa a Tomasi, ndipo tiyi kuno sasowa.

Sankhani tsiku lililonse pasanafike pa 31, kupatula Loweruka, poti mukudziwa kumene ndimakhala. Lamulungu timapezeka tsiku lonse, koma limenelo sindingayerekeze kukuitanani. Ndikudziwa kuti ndi tsiku lanu lopuma, ndipo ine sindingamulange munthu chifukwa chosunga tsiku lake.

Ine wanu wotetezedwa mbali zonse,

Deborah Namukhoyo (Mayi),
Telala wopanda denga, pa geti la kumtunda.